Ntchito ya Boti ndi Msoti wa pa Chinkhoswe

Ndinabereka ana awiri okha, wamkazi ndi wamwamuna. Wamkaziyo anamwalira n'kundisiyira kamtsikana koyamwa chala. Pamaliro pomwepo mlongo wa malemuyo, mwana wanga wamwamuna uja, amene ndi msodzi kuno kwathu kufupi ndi Lifuwu, anaimirira pamaso pa anthu nati, "Uyu ndi wanga. Malinga m'nyanjamu muli usipa, sukulu aphunzira." Ndipo sananame. Iye ankapha, ine ndinkayanika pathandala, mtsikana ankapita kusukulu. Chaka china zinthu zitathina anachotsa mwana wake weniweni, mnyamata, m'kalasi n'kumukweza m'boti kuti msuweni wake apitirize.

Mnyamatayo sanadandaule. Ankangoti, "Phunzirani akazanga, mudzandilembe ntchito."

Mtsikana n'kumati, "Amunanga onunkha usipa chonchi? Mukasambe kaye."

Paja asuweni ndi choncho, amanyozana ngati banja lokalamba. Ndinkawamva ndili pathandala, mtima n'kumakhala m'malo.

Mtsikana anamaliza, napeza ntchito ku boma, ku bungwe lina lakunja lothandiza za umoyo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ine sindidziwa chilembo ngakhale chimodzi, izi akundilembera ndi ena, choncho dzina la ntchito yakeyo sindingalitchule. Anthu ankangoti ali ku ofesi yolemba anthu ntchito. Mawu amenewo ndi amene anatibweretsera tsoka.

Mtsikanayo anandifotokozera kangapo akabwera Loweruka. Malo a ntchito akapezeka iye ndiye amakamata chidziwitso pageti. Makalata akabwera amawasanja. Amaimbira foni oitanidwa, amaika madzi patebulo, amakhala kumapeto kwa tebuloko n'kumalemba zimene afunsa ndi zimene ayankha. Akasankha mmodzi, amaimbira otsalawo kuwauza kuti sizinatheke.

"Ndiye amasankha ndani?"

"Mabwana, agogo. Ine ndimangotsegula chitseko. Ntchito yanga yambiri ndi youza anthu kuti ayi."

Ndinaona kuti zikumudya. Anaonda. Anati pali bambo wina amabwera nthawi zonse ndi jekete imodzimodzi, ndipo akangomva mawu ake pafoni amayamba yekha kunena kuti, "Ndamva mayi, musavutike." Koma kumudzi kuno palibe ankamva zimenezo. Azimayi amene sitinkapatsana moni bwino anayamba kundiimitsa panjira. Ena ankabwera ndi maenivelopu a khaki kudzasiya pakhomo panga, ngati ine ndili ndi desiki. Ndikawauza kuti akaponye m'bokosi la pageti ku boma, ankaseka nati, "Agogo mwayamba kuyankhula ngati a mu ofesi."

Tsono kunamveka kuti bungwe lija lagula boti la injini lonyamulira anamwino ndi mankhwala, ndipo likufuna woliyendetsa. Mudzi wonse unatembenukira kwa mnyamata wathu. Injini ankaidziwa, madzi ankawadziwa, msuweni wake ali pomwepo. Kunatsala chiyani? Analemba kalata, ndipo anamuitana pamodzi ndi ena.

Lamulungu lake, titaweruka ku tchalitchi, mtsikana anapita yekha kwa amalume ake. Ndinamutsatira. Anagwada patali monga anaphunzitsidwira.

"Amalume, ndabwera kuti mumve kwa ine. Kuntchito kuli lamulo. Wofunsira ntchito akakhala m'bale wako umanena, ndipo akamamufunsa mafunso umatuluka. Ndawauza kale kuti uyu ndi msuweni wanga. Sindimuthandiza chilichonse, ndipo m'chipindamo sindidzakhalamo."

Mwana wanga anali akusoka ukonde. Sanaleke n'komwe. Anamwetulira nati, "Wayankhula bwino. Ndamva."

"Ndikunenetsa, amalume."

"Ee, ndamva. Pita ukamwe tiyi kwa azakhali ako."

Atachoka anandiyang'ana n'kutsinzina diso limodzi. "Mwamulera bwino amayi. Amadziwa kuyankhula."

Kuno kwathu mlendo ukamupatsa chakudya amayamba wakana. Namwali akamufunsira mbeta savomera tsiku lomwelo. Munthu waulemu ayi wake woyamba ndi wa pakamwa chabe, umangodikira wachiwiri. Mwana wanga anamva ayi wa mtsikana uja mwa njira imeneyo: wakana pamaso pa anthu monga ayenera, zenizeni akachita mwakachetechete. Ndinamuuza kuti ayi wa mu ofesi mwina ndi wina. Anati, "Amayi, ofesi ili ku Salima konkuno. Sinagwe kumwamba."

Tsiku la mafunso mnyamata anavala malaya oyera ndi tayi wa abambo ake, n'kukwera kabaza. Anabwerako dzuwa lili paliwombo, osapita kwawo, anafikira kwa ine. Anakhala pakhonde thukuta lili chuchuchu, n'kumavula tayi uja pang'onopang'ono.

Anati anawakhazika pabenchi. Msuweni wake ankatuluka kudzaitana mmodzimmodzi, akumwetulira, akuwauza kuti asaope. Itafika nthawi yake kunatuluka mayi wina wachilendo. Atalowa anaona msuweni wake ali kumapeto kwa tebulo. Anamumwetulira. Mtsikana anatseka kompyuta yake, anaimirira, n'kumudutsa pambali maso ali pansi, n'kutseka chitseko.

"Osandipatsa n'moni womwe, agogo. Ngati ndalowa ndi chimfine."

"Nanga mafunso?"

"Anandifunsa kuti mphepo ya mwera ikandipeza pakati pa nyanja ndili ndi odwala ndingatani. Ine agogo, mwera? Koma mutu unangoti zii. Ndimangoyang'ana mpando wake uja."

Loweruka mtsikana atabwera ndinamufunsa kuti kutuluka watuluka, koma moni wokha unalakwanji.

"Agogo, ndikanamuyang'ana ndikanaseka. Tayi uja amafika m'mabondo. Ndikanaseka akanati ndamupatsa chizindikiro, akanamuchotsa pomwepo." Anayamba ngati akuseka, kenako misozi. "Ndinakaima kuseri kwa thanki ya madzi, ndikumupempherera."

Ntchito anapatsa bambo wina wa ku Chipoka. Ngati ankaposa wathuyu, ine sindidziwa. Mnzake wa mu ofesi anadzipereka kuti aimbe foni m'malo mwake, mtsikana anakana, anati msuweni wake asamve kwa mlendo. Koma atangomva mawu ake mtima unathawa, n'kuyamba kunena mawu omwe aja amauza aliyense, othokoza chifukwa cha chidwi chimene mwaonetsa. Mnyamata anamusiya mpaka amalize.

"Zikomo madamu," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti akazanga sanamvekenso pakhomo pano. Ankapatsana moni wabwinobwino, wa anthu okumana ku depoti.

Abambo ake sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anabwera m'mawa wina ndikutembenuza usipa nati, "Amayi, kuti ntchito sanamupatse, si nkhani. Nyanja sinaume. Koma mwana wanga anasiya sukulu kuti uyu akakhale pampando umenewo. Ndiye tsiku limodzi lokha limene anamufuna pampandopo, iye anaimirira."

Ndinati analamulidwa.

"Lamulo la ndani? Amene analembawo anamugulira yunifolomu?"

Ndinapitiriza kutembenuza usipa. Onse awiri ananena zoona, ndipo onse awiri ndi magazi anga.

Mvula itatha, mtsikana anabwera ndi nkhani yoti wapeza mwamuna, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene anamutumiza kudzaphunzitsa kuno. Akwawo kwa mwamunayo anafuna chinkhoswe. Mtsikana wopanda mayi, wopanda bambo, nkhoswe wake angakhale ndani kupatula malume wake? Ndiye mwini mbumba. Ndiye wolandira tambala wa akuchimuna ndi kupereka msoti wathu. Popanda iye ukwati ulibe poima, ndipo mawa m'nyumba mukabuka moto palibe wokauzimitsa.

Tinapita awiri kukamupempha. Ndinakonzekera kuti akana, tidzabwerenso, akanenso, kenako tidzapepese ndi nkhuku, zithe. Ndi mmene zimathera nkhani kuno.

"Ndibwera," anatero, tisanamalize n'komwe.

Mtsikana anabwerera akudumpha ngati kamwana. Koma ine ndinakayika. Munthu wopwetekedwa savomera msanga chonchija.

Tsiku linafika. Tinamanga chisakasa pabwalo panga. Akuchimuna anabwera pa minibasi ndi tambala wawo wofiira, ndi makasu, ndi nkhwangwa. Ife tinakonza lichero, mithiko ndi msoti wamawanga umene ndinausankha ndekha. Mpunga wa ku Lifuwu unali pamoto. Anzake a mtsikana a ku ofesi anabwera atavala nsalu zofanana. Mwana wanga anafika atavala jekete ndi tayi yemwe uja, anakhala pampando wakutsogolo, msoti ataumanga miyendo pansi pa mpando wakewo. Analonjera alendo mwaulemu. Ndinayamba kudzitonza kuti ndine nkhalamba yoganiza zoipa.

Anatulutsa atsikana atawafunditsa nsalu, monga timachitira, kuti mkamwini aloze wake. Woyamba anamukana, anthu anaseka. Wachiwiri anamukana. Wachitatu atamuvundukula, nthungululu zinamveka mpaka kugombe. Anali wokongola mdzukulu wanga, ndinaona nkhope ya mayi ake.

Nkhoswe wa akuchimuna, bambo wa imvi, ananyamula tambala ndi manja awiri n'kubwera pakati. Anayembekeza.

Mwana wanga anaimirira. Anakonza jekete yake. Sanakweze mawu.

"Pepani alendo athu. Uyu mwamuvundukulayu ndi m'bale wanga, mwana wa mlongo wanga. Ndinaphunzitsidwa kuti nkhani ikakhudza m'bale wako umanena, ndipo umatuluka. Ndanena. Tsopano ndituluke."

Anadutsa pambali pa mtsikana maso ali pansi.

Woimba nyimbo anazimitsa wailesi yake. Ndinamuthamangira mwana wanga ndi miyendo yanga yomweyi, ndikumuitana ndi dzina la ubwana, limene sindinalitchule kuyambira atavinidwa. Sanacheuke. Mwana wake, msuweni uja, anali ataima kumapeto kwa bwalo. Abambo ake atamudutsa, mnyamatayo anayang'ana kwa ife. Kenako nayenso anatsatira.

Mkulu wa mpingo anadzipereka kuti alandire tambala. Bambo wa imvi uja anapukusa mutu. "Pepani abambo. Mawa ana awa akayambana tidzapita ku tchalitchi kapena kwa eni mwana? Nkhuku iyi sitipatsa woyandikana naye. Konzani za m'nyumba mwanu, mudzatiitane."

Anadya pang'ono chifukwa cha ulemu, n'kukwera minibasi yawo, tambala ali pamiyendo. Mtsikana sanalire pamaso pa anthu. Anapinda nsalu ija bwinobwino, anathokoza alendo mmodzimmodzi chifukwa chobwera, ndi mawu osalala aja a pafoni. Ndinalakalaka akanagubuduka pansi.

Sitinawaitanenso akuchimuna aja. Ndinapitako kwa mwana wanga mpaka mapazi anatupa. Yankho lake ndi limodzi: "Ndinatuluka, amayi. Nkhaniyo igamulidwe ndi otsala m'chipinda." Ana aja anakalembetsa ukwati ku boma, mboni anali mnzake wa mtsikana wa mu ofesi, kenako anasamukira ku Lilongwe. Akwawo kwa mwamuna amamutchula kuti mkazi uja wopanda nkhoswe. M'nyumba mwake mukavuta amaimbira ine pa foni ya oyandikana nawo, ine n'kumangoti pirira, chifukwa gogo sakhala nkhoswe.

Mwana wanga amandibweretserabe ndiwo m'mawa akatsika m'boti. Timakamba za mphepo ndi za mitengo ya ukonde. Boti la bungwe lija likamadutsa, tonse timayang'ana kumtunda.

Msoti uja tinauiwala tsiku limenelo. Ndinaupeza anthu atabalalika, ndikusanja mipando, uli pansi pa mpando wakutsogolo, kukamwa kuli yasaa ndi ludzu. Ndinaumasula chingwe. Unayesa kuimirira n'kugwa, miyendo itachita dzanzi. Ndinaupatsa madzi m'chigoba, ndinakhala nawo pansi pomwepo mpaka unatha kuyenda.