Njoka ya pansi pa nthaka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala m'tauni, ku Kabwata, pamene aphunzitsi athu a sayansi anatiuza za anthu oyamba kukhala ku Australia. Anati nthano zawo zimasimba za mapiri amene anaphulika moto kalekale, ndipo akatswiri atapima miyala ya kumeneko anapeza kuti mapiriwo anaphulikadi. Ine ndinakwinya nkhope. Nkhani ya pakamwa ingayende bwanji mibadwo yonseyo osasokonekera, pomwe ine akandituma kumsika ndinkafika nditaiwala theka? Kenaka anatipatsa ntchito: aliyense akafunse munthu wamkulu kwawo nkhani yokhudza nthaka, akailembe.

Masiku amenewo kunyumba kunali mkulu wa atate, amene tinkawatchula ba Tata Mukalamba. Anachokera kumudzi, cha ku Mbala, kudzaonana ndi madokotala chifukwa cha chifuwa. Ankagona pabalaza, ndipo mipando yonse inkanunkha fodya wawo. Amayi, munthu wa mapemphero, sankawakhulupirira. Kachingwe kakuda kamene ba Tata Mukalamba anavala pamkono kankawasowetsa mtendere amayiwo, moti potuluka ankakhoma chipinda chawo.

Nditawafunsa, anasangalala ngati ndawapatsa mphatso.

"Lemba bwino, mwana wanga," anatero. "Kwathu kuli njoka ikulu pansi pa nthaka. Ikatembenuka, manyumba yagwedezeka. Pamene ipumila pachoka manzi yakupya, ungaphikepo na mazila."

Ndinkalemba, koma mumtima ndinkati ndi bodza. Si omwewa anatiuza kuti anapha ng'ona ndi khasu?

Amayi anamva ali kukhitchini. Anandikokera kuseri kwa nyumba, n'kung'amba tsamba limene ndinalembapo.

"Va mizimu mu nyumba yanga? Ba teacher bako bapemphela kuti? Nanga bakuuza chani china aba?"

Apa ndi pamene ndimachita manyazi mpaka lero. Pofuna kuoneka mwana wabwino, ndinawonjeza zanga. Ndinati ba Tata Mukalamba anandilonjeza kuti adzanditenga kukaiona njokayo. Sananene zimenezo. Patangopita masiku awiri, atate anawaperekeza kokwerera mabasi ku Intercity, tsiku lobwerera kuchipatala lisanakwane. Ponditsanzika anandifunsa ngati aphunzitsi anaikonda nkhani ija, ine n'kuyang'ana pansi.

M'kalasi ndinaisimba moseka, ndikutsanzira mawu awo kuti anzanga aseke. Anasekadi, kupatula aphunzitsi. Iwo anapachika mapu, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kufupi ndi ku Mbala. Anati kumeneko nthaka inang'ambika, n'chifukwa chake kumachitika zivomezi ndipo kuli akasupe a madzi otentha.

"Ni munzi bwanji?" anandifunsa. "Manzi yachokela mbali iti? Kafunse futi, iyi ni nkhani ya zoona."

Ndinalibe womufunsa. Atate anachoka kumudzi ali aang'ono, za njokayo sankazidziwa. Ba Tata Mukalamba anamwalira mvula isanayambe.

Lero ndikudziwa kuti njoka ija inali njira yonyamulira zimene makolo athu anaona ndi maso awo, kuti mwana asaiwale. Anthu a ku Australia aja anasunga zawo chifukwa m'badwo uliwonse munkapezeka wina womvetsera. Yathu nayonso inayenda mtunda wautali, mkamwa ndi mkamwa, mpaka inakwera basi n'kufika pabalaza pathu ku Kabwata. Inathera pa ine, ndipo mwini wake ndinamuthamangitsa akudwala.