Pulawo Kumbuyo kwa Njinga Yamoto

Chaka chimene tinagulitsa ng'ombe zathu n'kugula njinga yamoto ya mawilo anayi, amuna anga analumbila kuti idzalima munda wonse wa mtedza. Akupita ku Chipata ndinawauza kuti akagule pulawo yake yomangilila kumbuyo, ndi kangolo. Anabwela ndi magetsi, sipika ndi chisoti, ati zoyendela m'tinjila ta m'nkhalango ya Lukusuzi ndi anzawo.

"Nanga pulawo?" ndinafunsa.

"Ya ng'ombe ija ilipo, mayi. Inu muzigwila kumbuyo."

Mvula itagwa anamanga pulawoyo ku njinga ndi tcheni, iwo pampando, ine pansi. Ng'ombe ukaikuwila imaima, ndipo imadziwa pothela mzele. Chinthu chija chinangondikoka ngati chiguduli. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, iwo osamva, chisoti chili kumutu, sipika ikulila. Ndinagwa chafufumimba m'matope, pulawo n'kumadumpha yokha mpaka kukazula fodya wa eni ake.

Atatembenuka anandifunsa, popanda n'manyazi omwe, "Mwasiyilanji?"

Mpaka lelo anthu kwathu ku Mwase amatama magetsi aja. Ine ndimalima ndi khasu, chipsela chili pabondo. Ng'ombe zanga zinalibe magetsi, koma zinali ndi makutu.