Mawu Amene Sanakwane pa Fomu

Mundikhululukire poyerekeza kulemba, ine wa sukulu ya kumudzi, amene mpaka lero mawu amandithawa pagulu. Koma ndikangomva fungo la fodya wouma m'chigafa, mtima umabwerera ku Namwera, chaka chimene ndinali mtsikana wa Sitandade 6, nkhondo ya ku Mozambiki isanathe.

Masika a chaka chimenecho bambo anapatsa malo kuseri kwa chigafa chathu mayi wina wothawa nkhondo, Abiti Amade. Ankatithandiza kusoka fodya, zala zawo zili bii ndi utomoni. Pothawa anasiyana ndi mwana wawo Saide, ndipo anali atangomva kuti ali moyo, ku msasa wina wakutali kumwera.

Tsiku lina kunabwera kalaliki wa bungwe lina lolumikiza abale otayana. Anagawa mafomu pansi pa mtengo wa mango. Fomuyo inali ndi mizere ya timabokosi, bokosi lililonse chilembo chimodzi. Kalalikiyo anafotokoza kuti mauthenga amakalowetsedwa mu kompyuta kutawuni, ndipo zolembedwa kunja kwa mabokosi makinawo satenga. Popeza aphunzitsi ankayamikira kalembedwe kanga, bambo anandituma kuti ndilembere Abiti Amade. Ndinasamba m'manja kawiri.

Tinakhala pamphasa, fomu ili pa chivundikiro cha ndowa. Iwo ankalankhula m'Chiyao, ine n'kumalemba. Kwathu munthu sayamba ndi nkhani, amayamba ndi moni. Anapereka salamu, anafunsa za thupi la mwanayo, anathokoza Mulungu, anatchula azakhali ake ndi bambo anga amene anawasunga. Ine ndinkaika chilembo chilichonse mosamala pakati pa bokosi lake. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti mabokosi atsala anayi.

Pamenepo ndi pamene anatsitsa mawu. "Tsopano lemba ichi, mwanangu. Usapite kumudzi. Njira ya kumtsinje anakwiriramo mabomba. Ubwere kuno."

Ndikanawauza. Koma mwana angamuuze bwanji munthu wamkulu kuti moni wake wachuluka? Fomu inali imodzi, kalaliki anali atayamba kumanga chikwama panjinga, ndipo bambo ankandiyang'ana monyadira ali pakhomo la chigafa. Ndinayendetsa cholembera m'mwamba mwa pepala, osalikhudza, mpaka iwo atamaliza kulankhula.

"Zonse zalowa?"

"Zalowa, mayi."

"Iwe ndiye kalaliki weniweni," anatero akuseka, "uyu wa njingayu angopuma." Anandipatsa chinangwa chootcha.

Yankho linafika fodya atapita kale kumsika, mphepo ya mwera ikuwomba m'chigafa chopanda kanthu. Ndinawawerengera ndine. Saide anasangalala kuti mayi ake ali moyo. Anati akupita kumudzi kukafolera nyumba, kuti iwo akadzabwerera adzapeze pogona.

Abiti Amade anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Mwana ameneyu samva. Chibadwire samva." Sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndinkangoona nyerere zikukoka njere ya chimanga pafupi ndi phazi langa.

Kalaliki atabweranso, ndinayamba ndawerenga mabokosi onse, n'kuwerenganso zilembo pa zala. Ndinapempha Abiti Amade kuti pa fomu yatsopanoyi tiyambe ndi za mabomba, moni abwere pambuyo. Anadabwa, koma analola. Sanafunse chifukwa, ndipo ine sindinanene.

Lero ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. M'kati mwa makina, mawu amaikidwa pamalo oyezeratu, ngati mabokosi aja. Pa malamulo olamulira makinawo, pali lina lakale limene limangolemba osayang'ana malire, mawu n'kusefukira pamalo a zinthu zina n'kuziwononga. Pali lina losamala: malo akatha limadula mawu, koma limabweza nambala yonena kuti pamafunika malo aakulu bwanji. Wolemba pulogalamu ayenera kuyang'ana nambalayo n'kuchitapo kanthu. Ambiri sayang'ana, poti makina sadandaula. Anzanga kuntchito amandiseka kuti ndimayang'ana paliponse, ngakhale pa dzina la fayilo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinalakwa polemba mosawerengera malo. Tsopano ndikuona kuti malo amatha kwa aliyense, ndipo kalaliki uja mwina akanatipatsa fomu ina. Chimene ndinawamana Abiti Amade ndi mawu awiri okha, akuti zonse sizinakwane.

Uthenga wachiwiri uja sunamupeze Saide. Unabwerera ndi chidindo chakuti munthuyo anachoka pamsasa, ndipo za iye sitinamvenso. Abiti Amade anapinda pepalalo n'kulimanga pa nsonga ya chitenje. Linali Lachisanu loyamba pambuyo pa Idi, chaka chomwe ndinalowa Sitandade 7.