Chitini cha Atelala a ku Matero

Atelala a pakhonde la sitolo ku Matero amasunga zidutswa za matikiti a mpira m'chitini cha mabisiketi. Kuseri kwa chidutswa chilichonse analembako tsiku la masewero ndi dzina la wogoletsa. Chikwerereni mtengo wa ufa sapitanso kubwalo, koma dzuwa likawala amayanika matikitiwo pamakina osokera kuti asachite nkhungu. "Ine nenzeko, mboni ni iyi," amatero.

Tsiku lina wogulitsa makala anabwera kudzasoketsa buluku. Atelala anamuyang'anitsitsa.

"Sindimwe ba Fanwell, mwenze kumenya namba seveni?"

Bamboyo anazyolika. Timu yawo ya mpira inali ya fakitale, ndipo inatha pamene fakitaleyo inatsekedwa.

Atelala anafufuza m'chitini natulutsa kachidutswa kofiirira. Kuseri kwake kunalembedwa kuti: Fanwell, zigoli ziwiri. Bamboyo anawerenga kawiri, zala zake zili zakuda ndi makala.

"Ba tata, bana banga bakamba ati nimanama kuti nenze kumenya mpira."

Atelala anazengereza, pakuti chiyambire sanapatsepo munthu ngakhale kamodzi. Kenaka anakakulunga m'kansalu nakaika m'thumba la malaya a bamboyo.

"Mukabaonetse. Koma muyambe mwasamba kumanja."