Kamwala ka ku Mulanje kamene ndinatola pa Makoni

Bambo anga anachoka ku Mulanje asanakwatire, n'kudzakalambira kuno kunja kwa Malawi, ku Zengeza 2. Pamene ndinkapita ku Malawi koyamba, anandipempha chinthu chimodzi chokha: ndikakwere phiri la Mulanje, ndikawatolere kamwala pamwamba pake.

Ndinafikadi m'munsi mwa phiri ndili ndekhandekha, nsapato zatsopano zikundiluma. Anthu ena ankakwera m'magulu, akuseka. Ine nditayenda pang'ono ndinatopa, ndiye ndinakhala pansi n'kudya nthochi zanga zonse. Nkhungu itayamba kutsika ndinachita mantha, ndinabwerera. Za kamwala ndinakumbukira nditabwerako kale, nditatsika kombi pa Makoni, pafupi ndi kwathu ku Zengeza. Ndinatola kamodzi kuseri kwa mayi wina wogulitsa tomato, n'kukapukuta ndi malaya.

Bambo anakatembenuzatembenuza m'manja kwa nthawi yaitali.

"Unafika pamwamba, mwana wanga?"

"Ndinafika, bambo."

"Chabwino. Koma kakufanana ndi miyala ya konkuno."

Sanafunsenso. Anakaika pawindo la kuchipinda kwawo.

Bambo anamwalira chaka chatha, ndipo m'nyumba muno mulibenso wondiyankha m'Chichewa. Kamwalako kakadali pomwepo. Loweruka lililonse ndimakachotsa fumbi mosamala, ngati kanachokeradi kutali.