Ndibweza Lolemba

Loweruka lapitali ndinachita manyazi pakati pa Limbe, masanasana, ndipo amene anandichititsa manyaziwo sanakweze mawu ngakhale pang'ono.

Ndi Tadala, mwana wa mchemwali wanga. Amakhala ku Chinyonga ndi mayi ake. Anaphunzira za makompyuta, ndipo ntchito imene anaisankha ndi yopanga magemu, aja ana amakanirira nawo pa foni mpaka kuiwala kuti mwawatuma. Musaseke. Inenso poyamba ndinaseka. Ndinkaona ngati magemu amangomera okha m'foni. Sindinkadziwa kuti pali munthu amene amakhala pansi miyezi yambirimbiri, kujambula kamunthu kalikonse n'kukaphunzitsa kuyenda ndi kudumpha.

Anandiimbira kuti ndimuperekeze kukagula kompyuta yatsopano. Kwa chaka chathunthu wakhala akujambula makadi a ukwati pa shopu ina yosindikiza mapepala m'tauni, n'kumasunga ndalama pang'onopang'ono. Ati ogulitsa akaona mtsikana ali yekha amakweza mtengo, koma akaona mdala wa chipewa amayamba aganiza kaye. Ndinavala chipewa changa n'kunyamuka ku Naperi ndikudzimva kufunika.

Mu shopu muja bambo wogulitsa anatiikira zinthu ziwiri pa kauntala. Uku laputopu yopyapyala, yonyezimira. Uku desikitopu, chibokosi chakuda chokhala pa tebulo, ndi sikirini yake. Bamboyo anafotokoza mosabisa. Pa mtengo wofanana, chibokosicho n'champhamvu kwambiri, makamaka pa zithunzi zoyenda zimene opanga magemu amalimbana nazo tsiku lonse. Sichitentha msanga, ndipo chipangizo chimodzi chikatha mphamvu umangochichotsa n'kuikamo china. Laputopu ukaipanikiza ndi ntchito yolemera imatentha n'kuyamba kuchita wefuwefu. Koma ili ndi batire, ndipo imalowa m'chikwama.

Ine sindinadikire kufunsidwa. Ndinaima mbali ya laputopu, ndipo ndinayankhula ngati loya.

Ndani mu Blantyre muno amene sawadziwa magetsi athu? Amachoka osatsazika. Chibokosicho chimazima nthawi yomweyo, ndi zonse zimene unali kuchita. Koma laputopu, akazima ku Chinyonga umakwera minibasi n'kubwera kwa amalume ako ku Naperi, ntchito n'kumapitirira. Ndinamukumbutsanso kuti pakatha miyezi iwiri kuli chionetsero cha ntchito za achinyamata m'tauni, ndipo iye anapatsidwako tebulo loti akaonetse gemu yake. Ndinamufunsa ngati chibokosicho adzachisenze pamutu.

Tadala anamvetsera zonse mwaulemu, manja ali kumbuyo. Nditamaliza, anauza wogulitsa uja kuti amumangire chibokosi.

Tinatuluka, katundu ali pa phewa langa. Oitanira minibasi anali kutikoka uku ndi uku. Ndinali nditakwiya, sindibisa. Kundichotsa kunyumba, kundivalitsa chipewa, kenako malangizo anga onse n'kuwasiya pa kauntala? Ndinamufunsa kuti chimene sanamve n'chiyani.

"Zonse mwanenazo n'zoona, ankolo," anatero akuyang'ana pansi. "Koma iyiyi palibe amene angaibwereke."

Ndinatsitsa chibokosi chija n'kuchiika pansi.

Kuti mumvetse, ndiyenera kuulula. Chaka chatha, nyengo ya maukwati, ndinali tcheyamani wa komiti ya ukwati wa mwana wa mnzanga wa kutchalitchi. Laputopu ya woimba nyimbo wathu inafa Lachisanu, ukwati uli mawa lake. Ndinakumbukira kuti Tadala ali nayo. Ndinathamangira ku Chinyonga, ndipo kunena zoona sindinapemphe, ndinangodziwitsa. Ndinati ndibweza Lolemba. Mwanayo anazengereza pang'ono, mayi ake anamuyang'ana ndi diso lija mukulidziwa, basi anaiika m'chikwama n'kundipatsa ndi manja awiri.

Lolemba lakelo silinafike. Woimba nyimbo uja anali ndi chinkhoswe sabata yotsatira. Kuchoka apo, mlembi wa mpingo anaifuna kuti alemberepo malipoti. Kenako kunagwa maliro kwathu ku Chikwawa, ndipo panafunika polembera ndondomeko ya mwambo. Aliyense ankapempha kwa ine, ine n'kumavomera ndi mtima woyera, poti kugawa chinthu cha eni sikupweteka. Penapake m'njiramo munthu wina wachifundo anaona kuti ikuchedwa kuyaka, n'kuithandiza poifufuta zonse kuti iyambirenso bwino. Fulashi imene Tadala ankasungiramo ntchito yake kachiwiri inali m'kathumba ka chikwama chomwecho. Inabwerako itadzaza nyimbo za perekaniperekani.

Laputopu ija ndinaibweza patatha milungu isanu, chivundikiro chili gwedegwede. Tadala anaiyatsa, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati palibe kanthu. Ine ndinamwa tiyi n'kubwerera kwathu ndikudziyamikira kuti ndine munthu wobweza zinthu. Laputopuyo siinakhalitsenso, inafa yokha mvula isanayambe.

Zoti m'menemo munali gemu imene anaigwirira ntchito miyezi isanu ndi iwiri, ndazimva Loweruka lomweli, m'mbali mwa msewu ku Limbe. Chaka chonse mwanayu wakhala akundipatsa moni atagwada, akundithirira madzi osamba m'manja, osanena kanthu. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zikundipwetekabe pamene ndikulemba pano.

Tsono tiyeni tikambirane, abale anga, chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha.

Kubwerekana si koipa. N'kumene kwatisunga m'matauni muno. Wilibala imodzi imamanga nyumba za mzere wonse. Mipando ya pamaliro, mapoto aakulu, makwerero, zonsezi zimayenda khomo ndi khomo. Ineyo ndinakwatira nditavala jekete ya mnzanga, ndipo banjalo lilipobe.

Koma ndani anapitapo kwa telala n'kumuuza kuti abwereke makina ake osokera milungu isanu? Ndani ananyamulapo makina a wowotcherera zitsulo kuti akasangalatsire anthu pa ukwati? Timachita manyazi, chifukwa timadziwa kuti pamenepo m'pamene munthuyo amadyera. Nanga bwanji laputopu ya mwana timaiona ngati wailesi? Timamupeza ali duu pa sikirini, tizithunzi tikudumphadumpha, ife n'kunena kuti akungosewera. Munthu wosewera ndiye timamutuma, timamudula, timamulanda chimene wagwira. Sitidziwa kuti talowa mu ofesi ya munthu osagogoda.

Chinanso n'chakuti ana athu tinawalera kuti asamakanize wamkulu. Zimenezo timazinyadira, ndipo mwina n'zoyenera. Koma tikatero, udindo wonse umabwerera kwa ife akuluakulu. Ngati mwana sangathe kunena kuti ayi, ndiye kuti ife tiyenera kudziwa zosayenera kupempha. M'malo mwake timatenga ulemu wake ngati chilolezo. Akati palibe kanthu timafulumira kukhulupirira, chifukwa yankho limenelo limatikomera.

Taganizirani bwino zimene Tadala anachita. Anaika pa sikelo mavuto awiri, kuzima kwa magetsi ndi abale ake, n'kupeza kuti magetsi ndiwo ofatsirapo. Magetsi akapita amabwerera tsiku lomwelo, ndipo sabwera atafufuta kanthu.

Ndiye wina akandifunsa lero kuti wopanga magemu agule chiyani, ndimuuza zimene wogulitsa uja ananena. Ukufuna mphamvu ndi chinthu choti uzichikonza pang'onopang'ono, tenga desikitopu. Ukufuna kuyenda nayo ndi kupirira magetsi akazima, tenga laputopu. Koma pali funso lachitatu limene sadzakufunsa mu shopu: kwanu kuli amalume angati?

Musaganize kuti nkhaniyi ikuthera m'misozi. Chibokosi chija ndinachilipirira mpando wakewake m'minibasi, kondakitala atakana kuti ndichifungate. Titafika ku Chinyonga, Tadala anachilumikiza pa katebulo ka kuchipinda kwake, n'kutulutsa fulashi yatsopano imene tsopano amaivala m'khosi ndi kachingwe. Ndinadabwa kuona kuti sanagwe ulesi. Chaka chonsechi, nthawi ya nkhomaliro pa shopu yosindikiza ija, wakhala akuipanganso gemuyo kuyambira pachiyambi, ndipo akuti yachiwiriyi yaposa yoyamba.

Anandipatsa mpando kuti ndiyese. Mu gemumo iwe ndiwe mayi wosenza dengu la tomato, ndipo uyenera kuchoka pa depoti kukafika mumsika wa Limbe tomato asanatayike. Uzembe minibasi yobwerera chafutambuyo, njinga zamoto, chithaphwi, woitanira amene akukukoka mkono kuti ukwere galimoto yopita kumene sukupita. Ndinauzindikira msewu wake. Ndinazindikira ngakhale kaimidwe ka oitanirawo. Moyo wanga wonse ndaona magemu a anthu a kutali akuthamanga m'misewu ya kwawo, koma apa ndinali kwathu, ndikuwopa chithaphwi chimene ndinapondamo m'mawa womwewo.

Tomato ndinamutaya kasanu. Mchemwali wanga, yemwe uja wa diso, anaima pakhomo akuseka mpaka kugwira chitseko, kenako anati ndisunthe ayeseko iye. Anafika mumsika ulendo woyamba, ndipo sanasiye kundinena mpaka pamene ndinatsazika.

Tili m'kati mosewera choncho, magetsi anazima. Sikirini inangoti bii. Ndikanatha kunena kuti ndinanena ine, ndipo mawuwo anafika pakamwa, koma ndinawameza. Tadala anangotsegula kope lake n'kuyamba kujambula ndi pensulo msewu wotsatira, ngati munthu amene anazolowera kudikira.

Kunyumba kwanga kuli batire lalikulu ndi inveta, kamakina kaja kamene kamatipatsa magetsi enawo akathawa. Ndinazigula kuti ndisamaphonye mpira. Lolemba m'mawa ndinazimasula, ndinapeza galimoto, n'kupita nazo ku Chinyonga. Mayi a kunyumba anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, ndipo nditawafotokozera anandithandiza kunyamula mawaya. Patsala miyezi iwiri kuti chionetsero chija chichitike, ndipo tsikulo chibokosicho ndidzachisenza ndine.

Tadala ataona katunduyo anagwira pakamwa. Kenako, poti ndi mwana woleredwa bwino, anafunsa funso limene ine sindinalilemekeze chaka chatha.

"Ndibweze liti, ankolo?"

"Ukamaliza gemu," ndinatero. "Ndipo wina akabwera kudzabwereka, ngakhale nditakhala ine, umuuze kuti mwini wake anakaniza."

Linali Lolemba. Ndinachedwa ndi chaka chathunthu, koma ndinafika.

Nanga inu, m'nyumba mwanumo muli chiyani cha mwana wa eni, chimene munati mubweza Lolemba?