Makontena Asanu a Kadontho

Anzake ku shedi amamutcha Timba, chifukwa ndi wamfupi ndiponso sakhala pansi. Ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, chilichonse chimene moto ungalumikize. Malaya ake onse ali ndi timabowo ta moto. Koma mukamufuna Lamlungu masana, musavutike n'kupita kumene amuna anzake amaonera mpira. Mukamupeza kukhitchini, thaulo lili paphewa, akupala karoti.

Kuphikaku sanakuphunzire mofuna. Mkazi wake anamwalira mwana wawo ali ndi zaka ziwiri, kamtsikana kamene anakatcha Kadontho chifukwa kanabadwa kochepetsetsa. Kadontho atakwanitsa zaka zinayi anayamba sukulu ya mkaka, ndipo aphunzitsi ananena kuti mwana aliyense azibwera ndi chakudya chake. M'mawa kwa Timba nthawi yophika kulibe. Pali kusambitsa mwana, kumupesa tsitsi akulira, ndi kusaka nsapato imodzi imene imasowa tsiku lililonse ngati ili ndi miyendo yakeyake.

Sabata yoyamba kontena ya chakudya inkabwerako monga inapitira. Timba anadwala nazo mtima. Anaganiza kuti mwana akusowa amayi ake, kapena kuti manja a wowotcherera saphika zodyeka. Loweruka anamukhazika patebulo, kumuikira kontena patsogolo, iye n'kumanamizira kusesa. Anaona tizala tikukanda chivindikiro, tikukoka, kenako mano akuthandizira. Mapeto ake mwana anaikankhira pambali n'kunena chapansipansi kuti, "Sindikumva njala." Kadontho ndi mwana woti akhoza kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi, kupempha sapempha. Timba anatenga tupa yake yopalira zitsulo n'kupala mlomo wa chivindikirocho pang'onopang'ono, akumuyesetsa mwana, mpaka chala chachikulu cha Kadontho chinachitukula chokha.

Kuyambira pamenepo anaganiza zoti chakudya cha mwana azichigwira monga amagwirira geti: kuyeza kaye, kudula zonse pamodzi, kulumikiza pambuyo. Anagula makontena asanu, onse n'kuwapala ndi tupa, ndipo anawotcherera kashelefu ka mipata isanu kolowa bwinobwino mufiriji. Lamlungu amawiritsa mazira, amawotcha mbatata n'kuidula tizidutswa totalika ngati chala, karoti amamufutsa pang'ono kuti asavute kutafuna. Nthochi zakupsa kwambiri, zimene ena akanataya, amazikanya ndi ufa ndi dzira n'kuphika timakeke m'chitini chimene anapanga yekha. Mpunga wosakaniza ndi nsawawa ndi tinyama ta nkhuku umapita Lolemba ndi Lachiwiri, usanatope. Za Lachinayi ndi Lachisanu zimagona m'chipinda cha ayezi cha firijiyo, n'kutsika pakatsala tsiku limodzi. Buledi wopaka chiponde amamudula panayi. Chipatso chokha ndicho chimadikira m'mawa wake, ndipo ikakhala nthochi amaicheka kansonga ndi mpeni kuti mwana asende yekha. Dzira amalisenderatu. Chilichonse chimene tizala tija sitingathe, Timba amachithera kunyumba.

Kadontho sadziwa kuwerenga, ndiye zivindikiro zili ndi mitundu, ndipo Lamlungu ndi iye amene amasankha chivindikiro cha kontena iliyonse. Amadziwa kuti chofiira ndi tsiku loyamba, chachikasu ndi lomaliza, ndipo akaona chachikasu amavina, chifukwa mawa lake kulibe kupesa tsitsi.

Amene sankavina ndi mlamu wake wa Timba, mkulu wa malemu mkazi wake. Mayiyu amagwira ntchito mu ofesi, ana ake anakula kale, ndipo mng'ono wake ankamukonda zenizeni, zimenezo palibe angatsutse. Tsiku lina anatsekula firiji ya Timba osapempha, n'kuima manja ali m'chiuno.

"Alamu, chakudya cha Lachisanu mwaphika lero Lamlungu?"

"Eya, Alamu."

"Ndiye kuti mwana wa mng'ono wanga akukulira mkute? Mutu umodzi susenza denga, bambo. Mwanayu mundipatse, muzidzamuona Loweruka."

"Denga la nyumba ino ndinakweza ndekha," anayankha Timba, akutseka firiji. Anayankha moseka, koma mumtima sankaseka. Ankadziwa kuti nkhaniyi yafika kale kwa apongozi ake, agogo a mwanayo, ndipo mawu awo pabanjapo sabwerera chabe. Ankaopa, ndipo manthawo ndiwo ankamukwiyitsa kwambiri.

Kenako kunabwera ntchito ya sabata yathunthu kunja kwa tauni, yoika mpanda wa zitsulo. Kukana sikukanatheka, ndipo womusiyira mwana analipo mmodzi yekha. Lamlungu madzulo Timba anafika kwa alamu ake, dzanja lina Kadontho, lina kashelefu ka makontena asanu. Alamu analandira mwana, kashelefu n'kukabweza.

"Izi bwererani nazo. Kuno timaphika m'mawa." Anamuonetsa kontena yatsopano, yonyezimira, ya zipinda zitatu, yokhala ndi timakutu tinayi totsekera m'mbali. "Iyi ngakhale mutaigubuduza, msuzi sudontha. Mukabwerako tidzakhale pansi ndi amayi. Zovala zake zotsalazo mudzabweretse."

Timba anafuna kunenapo za chivindikiro, koma alamu anali atatembenuka kale, akuuza mwana kuti avule nsapato. Mkwiyo unamutseka pakamwa, ndipo kusanena kumeneko anadziimba nako mlandu sabata yonse. Kunyumba, zimene zikanawonongeka ananyamula kukadya yekha kuntchito. Kontena yachikasu anaisiya mu ayezi.

Anabwerako Lachisanu m'mawa. Anatsitsa kontena ija, kuiponya m'chikwama, kukasiya zida ku shedi, ndipo masana anali pakhomo pa alamu ake, fumbi la ulendo likadali m'tsitsi. Pabalaza anapeza bwalo litakhala kale: apongozi pampando waukulu, alamu pambali, Kadontho pakona atavala yunifomu, maso atalowa. Anathamangira bambo ake n'kuwagwira mwendo.

"Khalani, bambo," anatero apongozi. Patebulo panali kontena yonyezimira ija, yodzaza.

Alamu ndiwo anayamba. "Masiku asanu ndakhala ndikudzuka mbandakucha. Lolemba soseji, Lachiwiri nkhuku yokazinga, lero nsomba yochotsa minga ndi manja angawa. Zonse zikubwerako osakhudza. Madzulo amadya ngati wachokera kundende, koma kusukulu ayi. Aphunzitsi akamufunsa akuti sakumva njala. Mwamuwononga lilime mwanayu, Alamu. Anazolowera zogona, zatsopano sakuzidziwa."

Mawu akuti sakumva njala anamulasa Timba pamtima. Masiku asanu kamwana kake kakhala pakati pa anzake akudya, kontena ili pamiyendo. Akanatha kukalipa mpaka oyandikana nawo n'kutuluka m'nyumba. Koma munthu wozolowera moto amadziwa poulozetsa. Anatenga kontenayo n'kuiika pakatebulo kakang'ono.

"Kadontho, tsekula mwanangu. Amayi aakulu akuphikira nsomba."

Mwana anayang'ana onse, kenako anagwira khutu loyamba. Anakoka. Anasintha dzanja. Anaikumbatira pachifuwa n'kukoka ndi zala zonse mpaka nsonga zake zinayera. Anayesa ndi mano, kontena n'kuterereka kugwa pansi, osatseguka, osadontha ngakhale pang'ono, monga anailonjezera mwini wake. Kadontho anaitola, kuibweza patebulo mwaulemu, n'kuweramitsa mutu.

"Sindikumva njala," anatero.

Timba anapisa m'chikwama n'kutulutsa kontena yake yakale, yokandikakandika, ya chivindikiro chachikasu. Anaiika patsogolo pa mwana. Kadontho anaika chala chachikulu pamlomo wopalidwa uja, chivindikiro n'kuti phwa. Munali timakeke tiwiri ta nthochi ndi mbatata, zophikidwa Lamlungu. Mwana anadya ataimirira, ndi manja onse awiri, nyenyeswa zikugwera pamatayilosi a alamu.

Alamu anagwira pakamwa. Misozi inatsika, ndipo Timba sanakondwere nayo, chifukwa ankadziwa kuti mayiyu anadzukadi mbandakucha masiku onsewo. Koma chisoni sichinamufewetse.

"Amayi," anatero akuyang'ana apongozi ake, "mkute umenewu ndi umene wamukulitsa mwanayu. Ine kuphika sindidziwa ngati alamu, zimenezo ndikuvomera. Koma zala za mwana wanga ndimazidziwa. Ndimadziwa chimene angatsekule ndi chimene sangatsekule, ndipo ndimadziwa kuti akati sakumva njala ndiye kuti njala yamupweteka. Zovala zake sindinabweretse, ndipo sindidzabweretsa."

Apongozi anayang'ana mdzukulu wawo akunyambita zala. Kenako anapukusa mutu, kakumwetulira kakuwathawa pakamwa. "Timba sachepa ndi mazira ake," anatero. "Mutengereni chikwama chake mwanayo, azipita kwawo."

Timba anavalika mwana nsapato, ndipo mwa mwayi zonse ziwiri zinapezeka. Ali pakhomo anabwerera, n'kunyamula kontena yonyezimira ija patebulo.

"Nanga imeneyo mukupita nayo kuti?" anafunsa alamu, akupukuta maso.

"Ndikaipale ndi tupa. Ndi kontena yabwino, ingofunika kuphunzitsidwa ulemu. Ndidzakubwezerani kuti muzimuikiramo nsomba akabwera kudzacheza." Anakweza Kadontho paphewa, n'kubwereza kuti aliyense amve. "Kudzacheza, Alamu. Lamlungu masana azikhala atabwerako, chifukwa amene amasankha zivindikiro ndi iyeyu."